Kuyeza Wamoyo Ali Chigonere

Lachinayi, 6 Juni

Kabukuka ndi ka miyeso ya makasitomala anga. Ndakatembenuza, ndayambira kumasamba akumapeto, chifukwa adokotala akandifunsa kuti malungo anayamba liti ndikumasokoneza masiku. Katatayika, wokatola adziwe kuti mwini wake ndine Fauziya, telala wa pamsika wa Nselema, pafupi ndi ogulitsa nyama.

Amuna anga a Abdulrazak, abambo a Zulfa, awagoneka m'mawa uno pachipatala cha boma. Akuti chibayo. Chinayamba ngati chimfine Lachisanu lapitalo, iwo n'kumalawirabe m'chisanu cha Junichi kukapha mbuzi zogulitsa. Ndikati tiyeni kuchipatala, ankadzimenya pamimba n'kumati munthu wa makilo 94 sagwa ndi chimfine. Lero makilo 94 omwewo tachita kuwakweza anthu atatu m'minibasi.

Kutentha kwa thupi 39.4. Kachipangizo kopana chala kakuwerenga 84. Anesi ati kwa munthu wabwinobwino kamayenera kupitirira 94. Awaika okosijeni wa timapaipi ta m'mphuno, ndi jakisoni wa mumtsempha kamodzi pa tsiku. Phala adya masipuni atatu basi. Ndakwiya nawo, komanso ndili ndi mantha.

Lachisanu, 7 Juni

Awajambula pachifuwa. Adokotala anakweza chithunzicho pawindo n'kundionetsa: pomwe pamayenera kuda pachita mbuu mbali zonse ziwiri. Timapaipi tija achotsa, aika chophimba mphuno ndi pakamwa. Pachala 80, nthawi zina 78.

Masana kwafika alamu anga Che Sadiki, akulu awo a abambo a Zulfa. Iwowa ndi amene amasambitsa maliro a amuna kumzikiti kwathu. Kuyeza womwalira, kudula sanda, kuuza okumba manda polekezera, zonsezo ndi ntchito yawo kwa zaka zoposa makumi awiri. Ndi munthu wamtali, wouma thupi, wosaseka wamba. Mng'ono wawo atawaona anakweza chophimba chija n'kunena mwawefuwefu, "Achimwene, mwafulumira. Ntchito yanu sinakwane."

Ine ndinaseka. Che Sadiki anangowabwezera chophimbacho pamphuno n'kukhala pansi.

Loweruka, 8 Juni

Atitumiza pa ambulansi kuchipatala china cha mishoni mbali ya ku Balaka, komwe kuli makina opumitsa munthu. Njira yonse ndinagwira phazi lawo. Linali lozizira.

Chipinda cha odwala mwakayakaya, pano onse amangoti ICU. Mabedi anayi. Awagonetsa ndi mankhwala, awalowetsa paipi kukhosi. Ndasaina chikalata. Sanatilole kulowa.

Sindingathe kulemba zambiri.

Lamulungu, 9 Juni

Amalola anthu awiri, m'mawa ndi madzulo, mphindi khumi ndi zisanu. Nsapato umasiya pakhomo, umasamba m'manja, n'kuvala chimwinjiro chobiriwira chomwe wosoka wake sindikudziwa anaphunzira kuti.

Titalowa ine ndi Che Sadiki tinapeza abambo a Zulfa ali chagada, maso otseka, chifuwa chikukwera ndi kutsika motsatira makina. Pambali pawo panali nesi wamfupi, wa mpata m'mano, atagwira tepi. Nsonga ina anaiika paliwombo pawo, inayo akuikokera kuchidendene.

Kwathu munthu wamoyo sayezedwa ali chigonere. Ine zaka zonse ndakhala pa makina osokera, ngakhale mwana akhale ali m'tulo ndimati adzutsidwe, aimirire. Woyezedwa atagona, kuchokera kumutu mpaka kuphazi, ndi wopita kumanda yekha.

Che Sadiki sanakuwe. Anangoyenda n'kukagwira tepiyo pakati.

"Mayi, m'bale wangayu wamwalira?"

"Iyayi bambo, ali moyo."

"Nanga mukumuyezeranji? Mukumuitanira chiyani?"

Ndinkadikira kuti tikalipiridwa n'kutulutsidwa. Koma anesiwo anasiya tepi m'manja mwa Che Sadiki, n'kupepesa kuti ayamba asanatifotokozere. Anati iwo ndi Sisita Chimwemwe, dzulo sanali pantchito. Anatiitanira pafupi ndi makina n'kutilozera nambala ina pagalasi: 580. Anati umenewo ndi mpweya womwe makina akukankhira m'mapapo pa kupuma kumodzi, mamililita 580. Amene anatilandira dzulo anali pa liwiro lopulumutsa moyo, anaona thupi lalikulu ndi makilo olembedwa pakalata, n'kutchera makina molingana ndi thupilo.

"Abambowa amagwira ntchito yanji?" anafunsa.

Ndinati amapha mbuzi.

"Ndiye inu mayi mukudziwa kale. Mbuzi ziwiri za msinkhu umodzi, ina yonona ina yowonda. Mukatumbula, yononayo mapapo ake amakhala aakulu?"

Ndatsuka zam'kati mwa mbuzi chikwatiwire. Mafuta amaunjikana pamimba ndi pa impso, mapapo amakhala omwewo. Ndinawauza choncho.

"Munthunso chimodzimodzi," anatero. "Mapapo amatsata kutalika, osati kunenepa. Tsono abambowa mapapo awo atupa, malo otsala olowa mpweya ndi ochepa. Tikamawakankhira mpweya wa munthu wamtali, makina omwe akuwasungawa ndi amene aziwang'amba mapapo pang'onopang'ono, kupuma kulikonse. Ndikufuna kutalika kwawo kuti ndidziwe mpweya wowayenera."

Ndinatsegula kabukuka kumasamba oyambirira. Miyeso ya amuna anga ndili nayo yonse: khosi, chifuwa, m'chiuno, kutalika kwa mkanjo. Koma kuchokera paliwombo kufika kuchidendene mulibe. Telala sayeza pamenepo.

Che Sadiki anati amva, koma iwo ali pomwepo m'bale wawo sayezedwa chigonere.

A Sisita anayang'ana nambala ija pagalasi. Kenako anati, "Ndikhoza kudikira mutuluke ndiyeze mobisa, koma zimenezo sindichita. Komanso sindingawasiye pa 580 mpaka mawa. Nanga mkono wokha, bambo? Kuchokera pakadzenje ka pakhosi kufika kunsonga ya chala chapakati. Tikawirikiza kawiri timayandikira kutalika kwa munthu."

Che Sadiki anaganiza, akusisita ndevu. "Wakufa sitimuyeza mkono," anatero. "Umenewo ndi muyeso wa malaya. Alamu, yezani ndinu."

Ndinatulutsa tepi yanga m'chikwama. A Sisita anatambasula mkonowo m'mbali. Ndinayamba kuwerenga mainchesi monga mwa chizolowezi, iwo n'kuti tembenuzani. Masentimita 82, kuwirikiza kawiri 164. Anayang'ana pa pepala la manambala lomata pakhoma, anaitana a Yotamu, dokotala woyang'anira makinawa, ndipo awiriwo anatsitsa mpweya pang'onopang'ono mpaka 360. Kuti wochepawo ukwanire, makina awafulumizitsa: ankapumitsa ka 16 pa mphindi, tsopano ka 26.

Mkono wawo unali wolemera koma wofunda. Mtima wakhalako m'malo.

Lolemba, 10 Juni

A Sisita andiphunzitsa nambala yachiwiri. Imeneyo imaonetsa mphamvu yomwe mpweya ukukankha nayo mapapo, ndipo siyenera kupyola 30. Dzulo m'mawa inali 37. Lero 32. Pachala 89.

A Yotamu ndi bambo wa imvi, wolankhula ngati akuopa kudzutsa munthu. Anati anthu ambiri kuno mikono imatalika kuposa msinkhu, ndiye mwina 164 ija yawakometsera amuna anga. Pamenepo ndinavomereza msanga. Abambo a Zulfa mutu wawo umalekeza pakhutu langa, ngakhale atavala chisoti. Atsitsako mpweya mongoyerekeza, 345, koma ndinaona nkhope ya a Sisita kuti zoyerekeza sazikonda. Sanatikakamize. Anangonena nambala yachiwiri ija, 32, Che Sadiki akumva.

Kunyumba ya magadiyani ndayala mphasa pafupi ndi a Elube a kwa Mposa. Mwana wawo Chrissie ali pabedi loyandikana ndi lathu, zinavuta atangobereka. A Elube andipatsa kalongonda m'kambale. Ndinazengereza, poti timamva kuti akapanda kupsa bwino amazunguza mutu. Anaseka n'kuti, "Idyani anzanga, ndamuphika kuyambira dzulo. Mutu wanu wazungulira kale ndi zina." Ndadya yense.

Lachiwiri, 11 Juni

M'mawa Che Sadiki anandipeza pampopi. Moni wake anali wachidule. "Alamu, nambala yachiwiri ija m'kabuku mwanumo ili pati?"

Ndinati 32.

"Ndiye siyinatsikebe."

Kenako tinalowa ku ICU. Atafika pabedi anatambasula dzanja kwa a Sisita n'kuti, "Bweretsani tepi ija."

Ndinawaona akugwira ntchito yomwe akazife sitiiona. Anati Bismillah, m'dzina la Mulungu. Anawongola miyendo ya mng'ono wawo, anakonza mutu kuti ulunjike, anaika chikhatho mosanja pansi pa chidendene, n'kukoka tepi osanjenjemera ngakhale pang'ono. Anayeza kawiri.

"158," anatero. "Ndayeza anthu osawerengeka, a Sisita, ndipo palibe anadzukapo. Uyu ndamuyeza kuti adzuke. Lembani."

A Sisita sanachulutse zonena, anangoti zikomo bambo. Anatilozera papepala lija: mwamuna wa masentimita 158 mapapo ake ndi a munthu wa makilo 55, osati 94. Kilo iliyonse mamililita asanu ndi limodzi. Zikukwana 330. Analemba pakhadi ndi cholembera chachikulu dzina, kutalika, 330, ndi mawu akuti isapyole 30, n'kulimata pamakina ndi pulasitala.

Titatuluka Che Sadiki anakakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa wodi, nkhope atakwirira m'manja. Sindinawayandikire. Chakudya chamasana anachibweza.

Madzulo: 330. Yachiwiri 28. Ndailemba kawiri chifukwa chokondwa.

Lachitatu, 12 Juni

Awagoneka chafufumimba, akuti kuti mbali ya kumsana ya mapapo itseguke. Akhala choncho maola khumi ndi asanu ndi limodzi. Powatembenuza panafunika anthu asanu, ine ndikusuzumira pagalasi la chitseko. A Sisita anaima kumutu atagwira paipi, akuwerenga mokweza kuti onse anyamule pamodzi. Pachala pafika 93.

Mayiwa ndimangowayang'ana. Chilichonse asanachite amayamba awauza abambo a Zulfa, ngati akumva: "Bambo Abdulrazak, ndikupukutani m'kamwa." "Bambo, ndikusuntha mkono." Pansi pa chipumi ndi pa maondo amaikapo tinsalu topinda kuti pasatuluke zilonda.

Ndaonanso mmene amasinthanirana ntchito. Nesi wotuluka ndi wolowa amaima onse pamakina. Wina amawerenga khadi mokweza, wina amawerenga pagalasi. Ndinafunsa ngati ndi lamulo la boma. A Sisita anati ayi, anayambitsa okha chaka chatha. Iwo ndi a Yotamu anakhala pansi n'kufufuza m'mafayilo akale, ndipo anapeza kuti pa odwala khumi alionse, atatu okha ndi amene anayezedwa kutalika. Enawo makina ankatcheredwa ndi maso.

"Aliyense ankadziwa kuti tiyenera kuyeza," anatero. "Zinalembedwa m'mabuku kalekale. Koma tepi inkasowa, wodwala akufika ali kayakaya, ndani akaifune?"

Tepiyo tsopano anaimangirira ndi chingwe kungolo ya mankhwala. Ndinaseka, chifukwa inenso sizasi yanga ndimaimanga chimodzimodzi.

Lachinayi, 13 Juni

Chrissie wamwalira masana. A Elube ndawathandiza kumanga katundu. Khanda lili kumudzi ndi azakhali ake.

Nayenso anayezedwa. Khadi lake ndinkaliona tsiku lililonse, manambala ake ankagwirizana. Ndinawafunsa a Sisita mosabisa kuti nanga phindu lake n'chiyani. Maso awo anali ofiira.

"Mayi Fauziya, muyeso si mankhwala. Sindikulonjezani kuti abambowa adzuka. Ndikulonjezani kuti makina athu sawonjezera bala pomwe mankhwala akumenya nkhondo. Chokhacho n'chimene chili m'manja mwanga."

Yankho lake silinanditonthoze, koma ndawakhulupirira kuposa kale.

330. 27.

Lachisanu, 14 Juni

330. 26. Pachala 94. Kutentha 38.1. Chakudya chikulowa pakapaipi ka m'mphuno.

Zulfa waimba foni kuchokera kunyumba, akufunsa ngati abambo ake akumufunsa. Ndamuuza zoona, kuti akadali mtulo ta mankhwala. Pomwe panali mphasa ya a Elube pagona mayi wina wosalankhula.

Loweruka, 15 Juni

Ndilemba zonse.

A Sisita ali pa mpumulo lero, a Yotamunso. Ndinalowa ndekha m'mawa, Che Sadiki atapita kukalandira abale kudepoti. Maso anga tsopano amayamba kugwa pagalasi asanagwe pa amuna anga. Ndinaona 500. Yachiwiri 35.

Ndinaganiza kuti ndasokoneza bedi. Ayi, ndi iwo. Khadi lili pomwepo, koma chingwe cha makina ena chalendewera patsogolo pake.

Panali dokotala wachilendo, wobwera kudzagwirizira ntchito ya Loweruka ndi Lamulungu, akulemba patebulo. Ine ndani kuti ndikonze dokotala? Koma miyendo inapita yokha.

"Adokotala, pepani. Nambala iyo si yawo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi, ndinu a zachipatala?"

"Iyayi, ndine telala. Koma zolembedwa pakhadi ndimatha kuwerenga."

Sanali munthu wamwano, ndisamunamizire. Anafotokoza kuti magazi omwe anayeza m'mamawa aonetsa kuti mpweya woipa ukuchuluka m'thupi, ndipo chifuwa cha munthu wamkulu chonchi chikungogwedezeka pang'ono, ndiye wawonjezera kuti awathandize. Anati ndisadandaule, akudziwa chomwe akuchita.

Pamenepo mtima wanga wa pamsika unabwera. Ndinakweza mawu. Ndinati akulu a amuna anga anaphwanya mwambo wa moyo wawo wonse kuti nambala imeneyo ipezeke, ndiye munthu asangobwera Loweruka n'kuipotokola ngati wailesi. Ndinanenanso zina zomwe sindilemba muno.

Nesi wa tsikulo, mtsikana wofatsa, anali ataima pakona. Ndikuganiza kuti anaiona kale nambalayo koma ankaopa. Anayandikira, anasuntha chingwe chija, n'kunena motsitsa, "Khadi likuti 330, adokotala. Kutalika 158. Ndiwaimbire a Yotamu?"

Dokotalayo analiyang'ana khadilo kanthawi. Kenako anati, "Aimbireni."

A Yotamu anafika pa njinga, nsapato zili matope a kudimba. Sanakalipire munthu. Awiriwo anaweramira pa zotsatira za magazi, ndipo ndinamva a Yotamu akuti mpweya woipa wochuluka pang'ono chonchi thupi limaupirira, koma mapapo ong'ambika sasokeka. Anabweza 330, n'kufulumizitsa makina kufika ka 32 pa mphindi. Yachiwiri inatsika mpaka 27.

Ndili panja dokotala uja ananditsatira. "Mayi, mwachita bwino. Ndinaona thupi, sindinaone khadi." Inenso ndinapepesa chifukwa cha pakamwa panga. Ndinafunsa kuti 500 ija yakhala nthawi yaitali bwanji. Anati maola atatu.

Ndawerengetsa m'mphepete mwa tsambali. Ka 26 pa mphindi, maola atatu: kupuma kopitirira zikwi zinayi. Sindikudziwa chomwe chang'ambika mkatimo. Sindinadye.

Lamulungu, 16 Juni

Awajambulanso. A Yotamu ati palibe pomwe paphulika. Alhamdulillah.

A Sisita abwera, nkhani anaimva kale. Ndinkaganiza kuti apsa mtima ndi dokotala uja, kapena ndi ine chifukwa cha phokoso. Iwo anangomatula khadi n'kulimata pamwamba penipeni pa kabatani kosinthira mpweya, kuti aliyense wofuna kukapotokola ayambe walikweza. Achita chimodzimodzi pamakina onse anayi. Agwirizananso ndi a Yotamu kuti nambala imeneyo isamasinthidwe ndi munthu mmodzi, pazisaina awiri.

"Vuto si munthu uja," anandiuza. "Tonsefe maso amatinamiza, timaona thupi. Ngati wolakwitsa anali dokotala wabwino, ndiye kuti njira yathu inali ndi mpata."

Nesi wofatsa uja anamuyamikira pamaso pa anzake. Kwa ine anati, "Muzilankhula ndithu, mayi. Kungoti mawu muziwatsitsako, muno muli odwala." Ndinachita manyazi, tonse n'kuseka.

330. 26.

Lolemba, 17 Juni

Idi. Chikwatiwire sindinaidyerepo kutali ndi kwathu. Tsiku ngati lero abambo a Zulfa amakhala mpeni uli m'manja kuyambira kutuluka kumzikiti mpaka dzuwa kupendeka, akuitanidwa nyumba ndi nyumba kukapha mbuzi za nsembe.

Che Sadiki anakaswali mapemphero a Idi kwa abale ku Ulongwe, n'kubwerako ndi nyama ndi mpunga m'mabakuli. Theka anapereka okha kwa anesi. Anaima pakhomo la ICU n'kuti, "Izi ndi za a Sisita a tepi." Dzinali lawakhala, ngakhale alonda ayamba kuwatchula choncho.

Okosijeni wa m'makina amutsitsa kuchoka pa 70 kufika pa 45. Kutentha 37.4. 330, 24. Sakuwagonekanso chafufumimba.

Ndayamba kuyembekezera, ndipo kuyembekezerako kukundiopsa.

Lachitatu, 19 Juni

Achepetsa mankhwala ogonetsa. Madzulo atsegula maso. Sanandizindikire msanga, ankangoyang'ana kudenga, nkhope itachita makwinya chifukwa cha paipi. A Sisita anawerama n'kuti, "Bambo Abdulrazak, muli kuchipatala ku Balaka. Paipiyi ikukuthandizani kupuma, musalimbane nayo. Akazi anu ali pano. Afinyeni dzanja."

Anafinya. Mofooka, koma anafinya.

Ndinalira mpaka chimwinjiro chinanyowa.

Lachinayi, 20 Juni

Anawayesa kuti apume okha, paipi ikadali kukhosi, makina akungothandizira pang'ono. Anapirira mphindi makumi awiri, kenako thukuta, mtima kuthamanga, kupuma ka 38 pa mphindi. Awabwezera pamakina.

Ndinakhumudwa, ndinati bwanji osawalimbikitsa apitirize. A Sisita anati minofu yopumira yagona masiku khumi ndi awiri, siingadzuke tsiku limodzi. Mawa ayesanso.

Ngakhale lero, munthu ali maso, anesi awiri anaima pamakina n'kuwerenga khadi mokweza. Abambo a Zulfa anawatsatira ndi maso atamva dzina lawo.

Lachisanu, 21 Juni

Ola lathunthu okha. A Yotamu ati tidikire tsiku limodzi.

Loweruka, 22 Juni

Paipi yachotsedwa nthawi ya 10 koloko m'mawa.

Anatilola kulowa patapita ola. Anali atatsamira mapilo, chophimba cha okosijeni pamphuno, makina ali zii pambali pawo, galasi lake litazima. Awonda mpaka khungu la m'mikono likulendewera. Mawu awo ndi manong'onong'o okhaokha. Ndinaika khutu pafupi.

"Madzi."

A Sisita anati asamwe kaye, anangowanyowetsa milomo ndi kansalu. Patapita kanthawi anandikodolanso.

"Idi ili liti?"

Ndinati inadutsa Lolemba. Anatsinzina, anapukusa mutu ngati munthu amene minibasi yamusiya. Che Sadiki anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Sindikudziwa ngati ankaseka kapena kulira, ndipo sindinawafunse.

Pachala 95.

Lolemba, 24 Juni

Atisamutsira kuwodi wamba ya amuna. Ayenda masitepe asanu ndi limodzi atagwira ine mbali ina, Che Sadiki mbali ina. Aphunzitsidwa kukoka mpweya wambiri ndi kutsokomola atakumbatira pilo. Phala amaliza kapu yonse.

Masana ndinabwerera ku ICU kuti ndikathokoze. Mawu ndinali nditawakonza bwinobwino m'mutu. Ndinapeza pabedi lathu pagona kale munthu wina, ndipo a Sisita ali pakhonde ndi abale ake atatu. Anali atakhala nawo pabenchi, tepi ili pamiyendo, akuwafotokozera asanayeze. Ndinaima patali mpaka anamaliza.

Atandiona anabwera mothamanga. Ndinangoyamba kuti, "A Sisita, ine sindikudziwa ndinene chiyani," iwo n'kundidula.

"Aziyenda, mayi, asamangogona. Nyama yamafuta achepetse. Pakatha milungu iwiri mubwere nawo tiwajambule." Anandigwira paphewa n'kulowa, chitseko n'kutsekeka.

Mawu anga aja ndabwerera nawo. Ndaona anthu ambiri odziwa ntchito yawo, koma wosamala chinthu chaching'ono tsiku ndi tsiku osatopa ngati mayi ameneyu sindinamuonepo.

Lachitatu, 26 Juni

Okosijeni amuchotsa dzulo. Pachala 96 popanda chilichonse. Akuti Lachisanu tikhoza kupita kwathu.

Masana ano atatha kudya agona tulo. Ndinatsegula kabukuka mwachizolowezi, n'kukweza maso kufuna galasi. Palibe. Pali khoma ndi msomali wopachikapo diripi. Ndinakhala ndikuyang'ana chifuwa chawo chikukwera chokha, nthawi ina kwambiri, nthawi ina pang'ono, mmene chafunira.

Kenako anayamba mkonono. Uja wa kwathu weniweni, womveka mpaka kuseri kwa nyumba. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuwagunda ndi chigongono chifukwa cha mkonono umenewu, mpaka tsiku lina ndinakagona kwa ana.

Bambo wa pabedi loyandikana nalo anadzuka, anadzifunditsa bulangeti kumutu, anavundukulanso. Mapeto ake anati, "Mayi, tawagwedezaniko amuna anuwo. Enafe tikulephera kupuma."

Ndinati, "Pepani kwambiri, bambo. Koma awa sindiwadzutsa."

Ndasendeza mpando pafupi, ndikumvetsera.